Unyolo wa Khoti pa Geti la Madzi

Ntchito ya pageti ndinaipeza ndili ndi pakati, dengu la matemba lili pamutu. Bambo a kunyumba anali atangopita ku Joni monga amapitira amuna a kuno kwathu, kachikwama kamodzi ndi malonjezo ambirimbiri. Ine ndinkapikula nsomba zouma kudoko la ku Chiuta, n'kukakwera sitima ku Nayuchi kukagulitsa ku Balaka, nthawi zina mpaka pa Ulongwe. Mimba itayamba kuoneka, msana unakana. Tsiku lina ndinatula dengu pakamlatho ka ngalande ya sikimu yathu ya mpunga kuti ndipumeko, ndipo ndinapeza Che Bwanali, mkulu amene ankatsekula ndi kutseka madzi a sikimu yonse, atagwada m'mphepete, diso limodzi atatsinzina. Ankalimbana ndi geji, chitsulo cha manambala chimene chimaimikidwa m'madzi kuti tizidziwa pamene afika. Anandifunsa kuti madzi ali pa nambala yanji, ine n'kuwauza. Anandiyang'ana kumaso, nayang'ana mimba, nati maso awo atha ndipo komiti ikufuna munthu wowathandiza, koma sankaganizira za munthu woyenda ali awiri. Ndinawayankha kuti ndiye komiti yapindula, ilemba mmodzi n'kupeza awiri. Anaseka mpaka misozi, ndipo sabata yotsatira ndinapatsidwa jombo.

Kwa inu amene simunaonepo sikimu, zinthu zake zili chonchi. Mtsinje umatsika kumapiri, ndipo pamene ukulowa m'dambo anaupingasira khoma la simenti kuti madzi akwere. Pambali pa khomalo pali geti lalikulu, chitseko chachitsulo chimene chimakwera ndi kutsika pa mtanda wa mazinga. Pamwamba pake pali chiwilo. Ukachizunguza mbali iyi geti limakwera, madzi n'kulowa mu ngalande yaikulu. Ukachizunguza mbali inayo limatsika, madzi n'kuchepa. Pataliko pang'ono, pongoonana, pali geti lachiwiri limene timalitcha lotayira, ndipo ntchito yake ndi kubwezera madzi mumtsinje akachuluka. Kuchoka pamenepo ngalande imayenda pamwamba pa khoma ladothi, kukhota kuseri kwa mudzi wathu, n'kukagawira mabuloko a mpunga kudzera m'timageti ta matabwa. Pokhota pamenepo madzi amadutsa molingana ndi mawindo a nyumba zathu. Nyumba yoyamba kumunsi kwake, ya zidina zosawotcha, ndi ya mayi anga, ndipo ndi mmene ndinkagona.

Zida zanga zinali chikwakwa, fosholo, chitini cha girisi ndi kaburashi kake, ndi mtengo wa bulugama wopisa m'chiwilo chikalimba. Che Bwanali anali Msilamu, ine Mkatolika wa agogo ochokera ku Mozambiki, ndiye tinagawana bwino: Lachisanu ndinkatsala ndekha iwo apite kumzikiti, Lamulungu ankatsala iwo. Chimene anandikhomerera m'mutu ndi chakuti geti silikhala malo amodzi chaka chonse. M'chilimwe, mtsinje ukaonda, geti lalikulu umalikweza mpaka kumapeto kuti ukokere kamadzi konse, lotayira n'kulitseka ndithu. Mvula ikayamba zimatembenuka, lalikulu litsike, lotayira likwere. Girisi naye sumangopaka n'kuchoka, umazunguza chiwilo kukwera ndi kutsika kuti afike m'mazinga monse. Ankakonda kunena kuti, "Mtsinje uwu sukuuza dzulo zimene uchite lero, mwanangu. Ubwere m'mawa, uone, uchite." Nditabereka mwana wanga Yankho ndinangopuma pang'ono, n'kubwereranso kuntchito ali kumbuyo. Anakulira phokoso la madzi mwana ameneyo, moti kunyumba kukakhala zii sankagona.

Mavuto anayamba ndi chisankho cha komiti. A Namakhwa, amene anali wapampando ndipo munda wawo uli m'mabuloko a kumtunda, anati chisankho chinabedwa. Che Jafali, a m'mabuloko a kumunsi, anati anapambana poyera ndipo a Namakhwa angokakamira mpando. Sinali nkhani ya tchalitchi ndi mzikiti iyayi, mbali zonse kunali onse. Inali nkhani ya madzi, akumunsi akuti akumtunda amamwa okha. Kunali kutukwanizana, kuboola ngalande mobisa, mpaka munthu wina anatemedwa ndi khasu pamwendo. Ndiye wina atanena kuti nkhaniyi ipite kukhoti lalikulu kutauni, tonse tinapuma. Nanenso ndinati eya, abwere munthu wosadya nawo mpunga wathu, wopanda mlamu kumtunda kapena kumunsi, atiweruze.

Khoti linatulutsa chiletso. Komiti zonse ziwiri, ya a Namakhwa ndi ya Che Jafali, ziime, palibe wapampando, ndipo zinthu zonse za sikimu zikhale monga zilili mpaka mlandu utatha. Ife antchito anatiuza kuti tikhalebe pantchito, tiziyang'anira ndi kutchetcha, koma tisasinthe kanthu. Kunabwera akuluakulu a khoti pagalimoto ndi maunyolo awiri ndi maloko akuluakulu. Iwo ankafuna kumanga geti lalikulu lokha. Ndi alimi eni ake amene anakakamira kuti amangenso lotayira, akumtunda akuopa kuti akumunsi azidzataya madzi mwadala kuti apeze chonamizira, akumunsi akuopa zomwezo. Mbali ziwirizi zinagwirizana pa chinthu chimodzi chokhacho chaka chonse. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, geti lalikulu lili pamwamba penipeni, lotayira lili chitsekere. Za mvula palibe anaganiza, pakuti maloya anati mlandu sutenga mwezi. Makiyi anapita kutauni pagalimoto lomwelo.

Kuyambira tsiku limenelo mfumu ya madzi athu inali a jaji, munthu amene palibe mmodzi wa ife anali atamuonapo. Tsiku la mlandu likafika tinkamva kuti loya wina wadwala, ulendo wina kuti a jaji asamutsidwa, abwera ena amene ayenera kuyamba awerenga. Pakali pano chilichonse chinkadikira iwo. Tsiku lokumba matope mu ngalande panalibe woliitana, chifukwa woitana ndiye kuti wadziyesa wapampando, wanyoza khoti. Chigayo cha sikimu chinatsekedwa. Mayi wina wamasiye analandidwa munda ndi alamu ake, ndipo nkhani yoti kale ikanatha pamsonkhano umodzi pansi pa mtengo wa mango inakalowa nayonso pamzere kutauni. Anthu anasiya kukangana pamaso, ankangoti tikaonana kukhoti. Ngakhale ana posewera mpira wachikulunga ankaopsezana ndi chiletso. Poyamba zinkaseketsa, koma ine kuseka ndinasiya nditaona zimene zinawachitikira Che Bwanali.

Mvula isanagwe, nazale za mpunga za buloko lakumapeto zinayamba kupsa. Che Bwanali sanakhudze loko. Anangozula matabwa awiri pa kageti kakang'ono kuti madzi atsikireko, monga anachitira moyo wawo wonse. Wina wa kumtunda anawajambula pafoni, n'kutumiza kwa loya. Apolisi anawatenga ndi unyolo m'manja, nkhalamba yoti inaphunzitsa theka la sikimu kuwokera mpunga. Anakhala m'chitokosi masabata angapo. Pobwera anali atatha, mkanjo ukungolendewera, akutsokomola chifuwa chimene anachitengera m'chipinda chothithikana chija. Ndinapita kukawaona ndi kambale ka phala, ndipo nditawafunsa kuti abwerera liti kuntchito anapukusa mutu nati, "Ngwamba, mwanangu, iyayi. Ine ndi madzi tasiyana." Ndinatsala ndekha pageti.

Mantha amene ndinali nawo sindingawabise. Sindinkaopa ndende chifukwa cha ine ndekha. Yankho anali atangoyamba kukwawa, ndipo chakudya chake chenicheni linali bere. Kuno kwathu akuluakulu amati mayi woyamwitsa akagona kutali ndi mwana, mkaka umasasa, ndipo akabwera sayamwitsanso, mwana angatsekule m'mimba. Mayi anga ndi achemwali awo za zimenezi sanyengerera. Ndiye ndinkadziwa kuti ndikangogona kupolisi, mwana wanga waleka kuyamwa, ndipo waleka m'miyezi ya njala, pamene m'nkhokwe mulibe kanthu ndipo phala ndi lamadzimadzi lopanda nsinjiro. Kumutenga kundende ndiye kukamupatsa chifuwa cha Che Bwanali. M'mawa uliwonse ndinkapaka girisi pamazinga poonekera pokha, kuopa kuti wina andijambula ndili pafupi ndi loko. Chiwilo sindinkachigwira n'komwe.

Mvula itayamba ndinayenda ndithu. Ndinapita kwa a Namakhwa kukawauza kuti mageti ali m'malo a chilimwe. Anati akudziwa, koma akapempha iwo kuti khoti limasule ndiye kuti avomereza kuti chiletso chimene anapempha okha chinali cholakwika. Ndinapita kwa Che Jafali, iwo nati loya wawo akuti tidikire, mlandu watsala pang'ono. Ndinabwerako ndikudzilankhulira ndekha m'njira ngati wamisala. Mvula yoyambirira inali yochepa, ngalande inapirira, ndipo onse anati mukuona, make Yankho amangokokomeza.

Tsiku lenilenilo linali Loweruka, mwezi wa Januwale. Kumapiri kunakhala kukuda masiku angapo, koma kwathu kunkangowaza. Nditafika pageti m'mawa ndinamva mtsinje ndisanauone. Unali wofiira, ukutenga nthochi zathunthu ndi mizu yomwe, ndipo ndinaona mbuzi yakufa ikutembenuzika. Pa geji pali mzere wofiira umene Che Bwanali anandiuza kuti madzi akaufika usayambe wafunsa munthu. Mzerewo sunkaoneka, unali pansi pa madzi. Geti lalikulu, lili chiyasamire, linkameza mtsinje wonsewo kuuthira mu ngalande yoti siinakumbidwe matope chaka chonse. Ndinathamangira pokhota paja, mwana akudumphadumpha kumbuyo. Madzi anali atafika pamilomo pa khoma, ndipo kumunsi kwake, moyang'anana ndi khonde la mayi anga, dothi linkatuluka thukuta, timadzi tikutumphuka m'mauna a nkhanu. Ndinaponda pamenepo jombo n'kulowa.

Ndinakuwa kuti anthu atuluke m'nyumba. Amayi a m'mudzimo anayamba kututa mphasa ndi mapoto kupita kutchalitchi, kumene kuli kokwera. Mayi anga miyendo inali itatupa, ankayenda chogwira khoma, ndipo anandiuza kuti iwo sathawa, ndipite ndikachite ntchito imene ndinalembedwera. Pobwerera kugeti ndinapeza khamu. A Namakhwa anali uku ndi anthu awo, Che Jafali uko ndi awo, aliyense foni kukhutu. Loya wa a Namakhwa anati atha kukapempha mwachangu, koma Lolemba, chifukwa Loweruka khoti siligwira. Loya wa Che Jafali sanabise, ndipo ndinamva ndi makutu anga chifukwa foni inali pokweza: musakhudze, asiyeni adule iwowo, mlandu ukhala wathu. Munthu wina wokonza njinga anali atabwera ndi sowo yodulira zitsulo. Sanapatse munthu, anangoiika pasimenti pafupi ndi geti lotayira n'kubwerera m'mbuyo.

Chithunzi chimenecho sichidzandichoka. Amuna a mphamvu zawo, oti amanyamula thumba la mpunga ndi dzanja limodzi, atazungulira kasowo, manja kumbuyo. Ena mwa iwo nyumba zawo zinali kumunsi kwa khoma lomwelo. Sikuti anali opusa kapena ouma mtima. Anaona mmene anabwerera Che Bwanali, ndipo miyezi yonseyi anali ataphunzira kuti chinthu sichichitika mpaka a jaji anene. Ndinagwada pamatope pamaso pa atsogoleri awiriwo. Ndinawapempha kuti agwire sowo onse awiri, dzanja ili la a Namakhwa, ili la Che Jafali, kuti pasapezeke wonamizira mnzake. A Namakhwa anati ayambe iwowo kugwira. Che Jafali anati ayambe iwowo. Ndinawatukwana, ndikuvomera, mawu oti sindingawalembe pano, ndipo anangoyang'ana kumbali.

Che Bwanali anali atabwera ndi ndodo, atakhala pamwala chapatali, atafunda chitenje cha akazi awo. Ndinapita kwa iwo ndikulira, ndikuyembekeza kuti andiuza chochita monga kale. Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, "Ine ndinalowako, ndikudziwa mmene kulili. Sindikuuza kuti dula, sindikuuza kuti usadule. Koma khoma lija silifika masana." Ndinamasula Yankho kumbuyo n'kumuika pamiyendo pawo. Nditatola sowo mafoni anakwera m'mwamba mbali zonse ziwiri.

Ndinayamba ndi lotayira. Loko sungalimbane naye, chitsulo chake n'cholimba, ndiye ndinasankha mfundo imodzi ya unyolo, ndinaiponda ndi jombo pasimenti, n'kuyamba kucheka. Sowo inkaterera chifukwa cha mvula, ndipo ndinadzicheka chala chachikulu osamva. Kunkangomveka mtsinje ndi kulira kwa mwana wanga. Mfundo itaduka ndinasolola unyolo, ndinagwira chiwilo, ndinakoka. Sichinasunthe. Miyezi yonse ija chisanazungulire, girisi sanafike m'kati, mazinga anali atagwirana ndi dzimbiri. Ndinapisa mtengo wanga wa bulugama n'kuulendewera ndi thupi lonse, koma zii. Apa ndiye ndinaona kuti ndadziphera pachabe, ndende ndalowa ndipo khoma ligwabe.

Amene anayamba kusuntha anali Abiti Saidi, akazi awo a Che Jafali. Anavula masilipasi, anamanga chitenje m'chiuno, n'kudzagwira mtengo pambali panga osayang'ana amuna awo. Kenako kunabwera wina, ndi wina, akumtunda ndi akumunsi, amayi okhaokha. Tinawerenga pamodzi n'kukankha. Chiwilo chinalira ngati chitseko chakale, chinasuntha pang'ono, kenako chinalola. Geti litakwera madzi anatuluka ndi mkokomo woti simenti inkanjenjemera pansi pa mapazi. Tinathamangira ku geti lalikulu, ndinachekanso, tinakankhanso, mpaka linatsika. Nditafika pokhota paja madzi anali atatsika ndi chikhatho, ndipo ankatsikabe. Khoma linali litagumuka pang'ono pamwamba, madzi anagwetsa chimbudzi chathu ndi khola la nkhuku, koma nyumba zonse zinaima. Mayi anga ndinawapeza atakhala pampando pakhonde, madzi m'mapazi, korona m'manja. Palibe amene anaimba nthungululu. A Namakhwa anangolamula kuti maunyolo odukawo asasunthidwe pamene agwera, chifukwa ndi umboni.

Mbali zonse ziwiri zinandisumira. A Namakhwa anati ndinatumidwa ndi Che Jafali, poti akazi awo anandithandiza. Che Jafali anati ndinatumidwa ndi a Namakhwa, poti ndi amene anandilemba ntchito. Apolisi anabwera pakati pa sabata, awiri, ndipo ankaoneka a manyazi. Wamkazi anandiuza mwaulemu kuti mwana woyamwa amaloledwa, nditha kumutenga. Ndinamva chifuwa cha Che Bwanali m'makutu mwanga, ndinati iyayi. Ndinawapempha kuti andidikire. Ndinakhala pakhonde n'kumuyamwitsa Yankho bere ili mpaka anasiya yekha, ndinamutembenuza ndi linalo mpaka anagona, mkaka ukutsikira kukhosi. Pomulandira mayi anga anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ukudziwa kuti ukagonako ndiye basi?" Ndinati ndikudziwa.

Za m'chitokosi sindinena zambiri. Chimene chinandizunza si nsabwe kapena chidebe cha pakona, koma mabere. Anauma gwa ngati mapapaya osapsa, bulauzi inanyowa n'kuyamba kununkha, thupi linatentha. Mayi wina wachikulire, womangidwa pa nkhani ya kachasu, ndi amene anandiphunzitsa kufinyira m'kachitini n'kukataya pangalande. Nthawi iliyonse imene Yankho ankayamwa thupi linkadziwa lokha, mkaka n'kuyamba kutuluka. Ndinkafunsa kuti ndionekera liti, n'kumauzidwa kuti a jaji anapita kukamva milandu kuboma lina, ndidikire. Ndinadikira kupitirira sabata.

Tsiku lake ndinalowa m'khoti ndikuyembekeza chimunthu choopsa. Ndinapeza mayi wamfupi wa magalasi, ali ndi chimfine, kansalu m'manja, mafayilo ataunjikana patebulo mpaka ena pampando wapambali. Anali jaji wachitatu kugwira mlandu wathu. Anayamba m'Chingerezi, koma ataona womasulira akuchedwa anangotembenukira m'Chichewa. Anandifunsa kuti sikimuyi ili kuti kwenikweni. Nditati kufupi ndi Chiuta, anati sanafikeko. Anandifunsa ngati chiletso ndinkachidziwa, ndinati eya. Ngati ndinadula ndine, ndinati eya. Ngati wina anandituma, ndinati palibe. Kenako maloya anaonetsa zimene anajambula pamafoni zija kuti zindimange bwino. A jaji anaonera mpaka kumapeto, anapempha kuti abwereze, ndipo ulendo wachiwiri sankayang'ana ine, ankayang'ana madzi ndi amuna a manja kumbuyo aja.

Anafunsa maloya onse awiri kuti chichokere Okutobala ndani anabwera kudzanena kuti mageti amenewa amasinthidwa mvula ikayamba. Maloya anayang'ana mapepala awo. A jaji anavula magalasi, napukuta mphuno, natembenukira kwa a Namakhwa ndi Che Jafali amene anakhala kumbuyo. "Ine ndimayankha zimene ndafunsidwa, pa tsiku limene laikidwa," anatero. "Munandibweretsera mlandu wa mpando. Madzi anu munawasiyiranji m'manja mwanga?" Kenako anandipeza wolakwa. Anati lamulo la khoti likaphwanyidwa sanganene kuti silinaphwanyidwe, apo ayi mawa aliyense adzabwera ndi sowo ndi chifukwa chake. Koma anati masiku amene ndakhala m'chitokosi akwanira, ndipite kwathu, ndipo mageti asamangidwenso. Mlandu waukulu uja anauimitsanso mpaka tsiku lina.

Pa minibasi yobwerera ndinkaganiza za mayi ameneyo. Sanali woipa, sanadye za munthu, ndipo ndikukhulupirira kuti usiku umenewo sanagone bwino. Chimenechi ndiye chinandiopsa kwambiri. Akanakhala woipa ndikanati tinagwa m'manja oipa. Koma tinali m'manja abwino, a munthu wanzeru, amene sankadziwa kumene tili, amene sitikanamupeza Loweruka, amene sitinamusankhe ndipo sitikanamuchotsa, ndipo iye mwini sanapemphe kutilamulira. Tinachita kumunyamulira ufumuwo tokha chifukwa tinatopa kuyang'anana m'maso.

Nditafika kunyumba Yankho anandiyang'ana kaye ngati mlendo, kenako anakuwa n'kukwawira kwa ine, manja molunjika pa bulauzi. Mayi anga anamukwatula. Achemwali awo anali atabwera kale kudzaonetsetsa. Ndinapempha, ndinalira, ndinati ndifinya woyambawo nditaye, koma anati mkaka wa kundende mwana wawo sayamwa. Ndinalibe mphamvu zolimbana nawo, ndipo pansi pa mtima nanenso ndinkaopa kuti mwina akunena zoona. Ankagona ndi agogo ake, ine ndikumumva akulira kuseri kwa chipupa. Mwezi wotsatira anatsekula m'mimba, anaonda mpaka khungu la m'matako linakwinyika, tsitsi linafiira. Kuchipatala anamulemba pa chiponde. Namwino atamva nkhani yonse anandikalipira, anati mkaka susasa, ndikanangomuyamwitsa tsiku lomwelo. Ndinayesa madzulo ake mobisa kuseri kwa nyumba. Anakoka, anakoka, n'kundiyang'ana. Munalibe kanthu.

Anachira, Mulungu ndi wabwino. Lero ali kusukulu, wamfupi kuposa anzake onse a m'kalasi, ndipo ndikamuona pamzere ndimadziwa mwezi umene msinkhu wakewo unatsalira. Bambo ake anamva nkhaniyi pafoni, anati pepa, ndipo mpaka lero akadali ku Joni. Mlandu wa mpando sunaweruzidwe n'komwe. Atsogoleri aja anatopa ndi maulendo a kutauni, anthu awo anasiya kusonkha, ndipo tsiku lina alimi anangoitanizana pansi pa mango n'kusankha komiti ina poimika manja. Si komiti ya angelo. Wapampando wake amakondera, misonkhano yake ndi phokoso lokhalokha, ndipo mwezi watha ndinamutukwana pamaso pa anthu chifukwa cha matope a mu ngalande. Anandibwezera, koma mawa lake anatumiza anthu ndi mafosholo.

Sindinena kuti makhoti achoke. Amene anatema mnzake ndi khasu uja anafunika jaji, ndipo mayi wamasiye uja munda wake anaupeza chifukwa cha jaji. Wakuba, wolanda, wobera chisankho, apite akaweruzidwe. Koma kuweruza ndi kwina, kulamulira ndi kwina. Zinthu zofuna munthu woti abwere m'mawa, aone, achite, musazipereke kwa munthu amene ntchito yake ndi kudikira kuti afunsidwe. Ndikamva pawailesi anthu akuluakulu a dziko lino akuthamangitsira kukhoti nkhani iliyonse imene alephera kukambirana, ndimawaonanso amuna aja atazungulira sowo.

Komiti yatsopano itagula maloko ake oteteza akuba zitsulo, inafunsa kuti makiyi azikhala kuti. Ena anati kuofesi ya zaulimi kuboma, kumene kulibe wa kumtunda kapena wa kumunsi. Ndinaimirira, Yankho ali m'manja, nthawi imeneyo akadali mafupa okhaokha, ndipo ndinati ngati makiyi akwerenso galimoto, jombo zawo nazi. Anandiyang'ana, anayang'ana mwanayo, ndipo panalibe wotsutsa. Makiyi amakhala kwa Abiti Saidi, pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndi mayi wovuta, timakangana kawirikawiri, koma ndikagogoda amatsekula, ngakhale Loweruka.